Chitenje M'kati mwa Mkanjo wa Tisa

Chisomo ndi Mayamiko, ana anga, mutu uno wa mbiri ya moyo wanga ndaulemba m'Chichewa dala. Mwakhala mukundiyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno zaka zonsezi, tsopano nanunso muvutikeko pang'ono. Za ubwana wanga munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye ndizidumpha. Ndikufuna mudziwe za utelala wanga, makamaka cholakwa chimodzi chimene ndinachita ndili ndi imvi kale, chimene chinasamutsa banja la eni ake m'nyumba mwawo. Mwamvapo anthu akunong'ona za nkhaniyi kutchalitchi. Lero muimve kwa mwini wake.

Lilongwe, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi

Ntchito yanga yoyamba inali pakhonde la sitolo ya Mmwenye kufupi ndi msika waukulu, pansi pa Che Saidi, telala wa ku Mangochi amene ankapalasa makina uku akuimba, uku akutukwana ulusi. Chaka chonse choyamba sindinakhudze sizasi. Ndinkangopinda mathalauza, kuika mabatani ndi kupemerera makala a m'simbi. Che Saidi anali ndi malamulo atatu. Loyamba, telala sanena kuti sindingathe, amati bwerani mawa. Lachiwiri, telala sataya kansalu, ngakhale kochepa ngati khutu la mbewa, kali ndi thumba lake ndipo tsiku lake lidzafika. Lachitatu ndi limene ankalibwereza kwambiri. "Mbewe," ankatero, "munthu sumuyeza chiuno usanadziwe kuti ndi mwana wa yani." Choncho m'buku la miyezo tinkayamba ndi dzina, kenako kholo, kumene munthuyo amakhala ndi kumene amagwira ntchito, manambala pomaliza. Chovala chikatuluka bwino tinkaitana wojambula, chithunzi n'kukhomedwa pakhoma, zonsezo zitalembedwa pansi pake. Makasitomala ankanyadira kwambiri. Mayi wina anatikwiyira mwezi wathunthu chifukwa tinaiwala kulemba kuti ndi mkazi wa mphunzitsi wamkulu. Ndinakhala pakhondepo zaka zoposa makumi awiri, mpaka makina a Che Saidi anakhala anga, ndipo malamulo atatuwo anandilowa m'magazi.

Perth, zaka zitatu zoyamba

Mayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, ine ndinabwera ngati katundu wawo. Nanenso ndinali ndi katundu wanga, thumba la zidutswa za nsalu lija. "Mukupita ku Australia ndi zinyalala?" anandifunsa mayi anu. Ndinawayankha kuti asiye nsapato zina, koma thumba likwera ndege, ndipo linakweradi.

Ntchito ndinaipeza ku Kwinana, kukampani yochapa ndi kukonza maovololo a anthu a m'mafakitale. Tsiku lonse ndinkasoka zigamba ndi timizere tonyezimira pa zovala zonunkha mafuta. Maovololowo analibe mayina, anali ndi manambala okha, ndipo bwana wathu nayenso sindikhulupirira kuti dzina langa analidziwapo. Zinkandiwawa kusokera munthu amene sindinamuonepo. Nditamva kuti mayi wina wa ku Northbridge akufuna telala, ndinakwera sitima Loweruka lomwelo, sizasi yanga ili m'thumba la jekete.

Northbridge, kuyambira chaka chachinayi

Mayi Rosa anali nkhalamba ya Chitaliyana, yaifupi, ya pakamwa polasa. Sanandifunse mapepala. Anandiponyera jekete ya suti n'kunena kuti ndiipungule mapewa. Nditamaliza anaitembenuza, n'kuyang'ana msoko nthawi yaitali, kenako anandithirira khofi. Kumeneko kunali kulembedwa ntchito. Kuyambira tsikulo, nthawi ikakwana teni koloko, makapu awiri ankakhala pathebulo lodulira nsalu.

Poyamba tinkakhalira madiresi a ukwati ndi mathalauza a anyamata operekera zakudya m'malesitilanti a m'deralo. Kenako kunayamba kubwera anthu a mtundu wina. Munthu wamkulu wandevu zake ankalowa, n'kutulutsa foni, n'kundionetsa chithunzi cha m'katuni ya ku Japan, kapena cha m'mabuku a zithunzi, kapena cha m'magemu a pakompyuta, n'kunena kuti akufuna kuoneka chonchi. Iwo amati kosipule. Amavala ngati anthu a m'nthano zawozo n'kukakumana kuholo yaikulu m'tauni, kujambulana ndi kupikisana. Tsiku loyamba ndinathawira kuseri kukaseka. Koma telala sanena kuti sindingathe, ndipo posakhalitsa ndinaikonda ntchitoyo, chifukwa anthu amenewa amaona msoko. Mkwatibwi amangofuna kuoneka wowonda, koma awa amawerenga mabatani.

Chimene sindinachimvetse msanga n'chakuti pakati pawo panali nkhondo. Tsiku lina makasitomala awiri anakangana m'shopu mpaka misempha kutuluka m'khosi. Nkhani yake inali yakuti opanga gemu ina anasintha msilikali wina kukhala mkazi, ndipo wina anamudetsa khungu. Mmodzi ankati andale alowerera n'kuwononga zinthu zimene iye anakula nazo. Winayo ankati amene akudandaula ndi atsankho basi. Ine, mapini ali kukamwa, ndinafunsa ngati msilikaliyo ali moyo kuti tikamufunse maganizo ake. Palibe anaseka. Atatuluka, Mayi Rosa anandiloza ndi sizasi. "Mbewe, ife timasoka. Za iwowo usalowerere, ndipo usamaseke. Kwa iwo n'chipembedzo." Ndinavomera, koma mumtima ndinkati ndi masewera a anthu okhuta.

Mayi Rosa ankadana ndi mafoni, choncho tsamba la shopu la pa intaneti analisiya m'manja mwanga. Iwe Chisomo ndiwe unandiphunzitsa kuikapo zithunzi. Usadziimbe mlandu, unandiphunzitsa podina, sunandiphunzitse zolemba.

Chaka cha khumi ndi chitatu, mwezi wa Meyi

Tisa ndi mwana wa Mayi Zulu, a ku Chipata, amene tinkapemphera nawo. Bambo ake anamwalira asanabwere kuno, ndipo mayi ndi mwana ankakhala awiriwiri ku Ellenbrook. Nthawi imeneyo Tisa anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, akugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Anali mtsikana wofatsa, wolankhula ngati akupepesa. Anabwera kushopu ndi mnzake wachizungu dzina lake Megan, amene ankakonda zojambula zithunzi, n'kundionetsa foni. Panali msilikali wamkazi wa m'katuni, woyera khungu, wa tsitsi lasiliva, atavala mkanjo wautali wakuda kunja, wofiira m'kati.

"Ankolo, nifuna munisokele uyu," anatero. "Namukonda kuyambira nili mwana, koma sininavalepo. Nenze kuyopa."

"Kuopa chiyani?" ndinafunsa.

Anangoyang'anana ndi Megan. Ine sindinafunsenso, ndinangotenga tepi.

Inali nthawi ya mliri ija, pamene katundu ankachedwa kufika ku Perth. Nsalu yakuda tinali nayo, koma yofiira yoterera ya m'kati inasowa. Ndinazungulira masitolo onse amene ndinkawadziwa, osaipeza. Tisa akaimba foni ndinkati bwerani mawa, ndipo mawa linabwera kanayi. Tsiku la msonkhano wawo litayandikira, ndinakhuthula thumba langa pansi, n'kupezamo chitenje chofiira cha maluwa achikasu, chotsala pa diresi la chinkhoswe limene ndinasoka ku Lilongwe kalekale. Chinakwana ndendende. Sindinaganize za ndale, sindinaganize za mtundu wa anthu. Ndinangoona kuti nsalu yasowa, ndipo ina ilipo. Ndinachisokera m'kati ndi msoko waung'ono kwambiri, wonyadira.

Loweruka ndinayendetsa galimoto kukapereka mkanjowo ku Ellenbrook, ndikuopa kuti aukana. Tisa atautembenuza n'kuona chitenjecho, misozi inalengeza m'maso mwake. "Ankolo, mwaziba bwanji?" anatero. Sindinadziwe kanthu ine, koma ndinalandira ulemuwo ngati wanga. Anakavala zonse, ndi wigi yasiliva yomwe, n'kuima pakhomo la nyumba, dzuwa likuwala. Atazungulira, mkanjo unatseguka, maluwa aja n'kuonekera. Megan anajambula ndi kamera yake. Ine ndinaima pambali pake n'kujambulanso ndi foni. Ndinati chithunzicho ndi cha pakhoma la shopu, Tisa n'kuvomera.

Lolemba ndinachiika pa tsamba la shopu, chifukwa kwa ine tsambalo linali khoma. Pansi pake ndinalemba m'Chingerezi changa monga anandiphunzitsira Che Saidi: dzina lake lonse, mwana wa Mayi Zulu a ku Ellenbrook, wogwira ntchito kunyumba ya okalamba yakutiyakuti. Ndinkamupatsa ulemu. Kumbuyo kwake pachithunzipo nambala ya nyumba inkaoneka bwinobwino, koma ine maso anga anali pa mpendero wa mkanjo.

Mwezi wa Juni, chaka chomwecho

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachinayi m'mawa ndinapeza Mayi Rosa ataima pakati pa shopu, foni ya mdzukulu wawo ili m'manja, nkhope itayera. Wina anatenga chithunzi chija n'kuchiponya m'magulu akuluakulu a okonda katuniyo, a m'mayiko ambiri. Gulu lina linkati mtsikana wakuda alibe ufulu wovala ngati msilikali wawo, ndipo chitenjecho n'chipongwe chadala. Gulu lina linkati Tisa ndi ngwazi, wawaonetsa atsankho. Onse ankadziwa chimene chitenje chimatanthauza, kupatula ine amene ndinachisoka. Mayi Rosa anandiuza kuti ndifufute pomwepo, ndipo ndinafufuta. Koma madzi anali atatayika kale. Amene anaba chithunzicho anadula dzina la shopu, n'kulembanso m'mawu awoawo dzina la Tisa, dera lake ndi kuntchito kwake.

Zotsatira ndinkazimva kwa mayi anu, amene ankapita kukawaona. Mauthenga ankabwera osaleka, ena a zithunzi za anyani, ena ofotokoza zimene adzamuchite akadzamupeza, mawu amene sindingalembere ana anga. Kuntchito kwake anthu ankaimba foni kunama kuti amazunza okalamba, mpaka mabwana ake anamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba. Kenako wina anatumiza chithunzi cha nyumba yawo, chojambulidwa masana ali m'galimoto, galasi la galimotoyo likuoneka m'mphepete. Ndinkadzitonthoza kuti anthuwa ali kutsidya kwa nyanja, koma uyu anali ku Ellenbrook, mumsewu womwe ine ndinaimikamo galimoto yanga. Mayi Zulu anatseka makatani onse. Anakanena kupolisi, apolisi analemba zonse n'kuwalangiza kuti asunge uthenga uliwonse, koma munthu wopanda nkhope umamugwira bwanji?

Funso limene linatsala linali lakuti anapereka keyala ya nyumba ndani. Tisa sankaona tsamba la shopu yathu, ndipo palibe anaganizira nkhalamba yosoka. Onse anakumbukira kamera ya Megan. Mtsikanayo analumbira kuti zithunzi zimene iye anaika zinalibe nambala ya nyumba ngakhale dzina, koma chithunzi chinali chofanana, chojambulidwa pamalo omwewo. Tisa anasiya kumuyankha. Ndiye gulu lija lodzitcha abwenzi a Tisa linamutembenukira Megan. Ankati ndi mzungu amene wagulitsa mnzake wakuda. Anafufuza kumene amaphunzira ndi kumene mayi ake amagwira ntchito, n'kuyamba kumuchita zomwezo zimene anzawo ankachita kwa Tisa. Ine ndinkamva zonsezi, ndili chete.

Ndinachita mantha, ana anga, mantha enieni. Musitima ndinkayang'ana mnyamata aliyense wogwira foni n'kumadzifunsa ngati ndi ameneyu. Belu la pachitseko cha shopu likalira, singano inkandibaya chala. Chondiopsa kwambiri chinali chakuti mwina ena mwa anthuwo ndinawayezapo ndi tepi yanga, ndikudziwa kukula kwa makosi awo, koma osadziwa za mumtima mwawo. Ndinkaganiza za iwe Mayamiko, unali kusekondale nthawi imeneyo, ukuyenda wekha kuchokera pa basi. Ndinkaganiza kuti dzina langa likatuluka, magulu onse awiri agwera pa ine, lina chifukwa cha chitenje, lina chifukwa cha keyala. Chakudya chinasiya kutsika. Thalauza langa ndinalipungula ndekha kawiri.

Ndinawauza Mayi Rosa kuti mwina ndikanene. Anatseka chitseko cha shopu n'kutembenuza chikwangwani. "Mbewe, ndamanga shopu ino zaka makumi anayi. Ukatsegula pakamwa, abwera pano. Anthu amenewa amatopa msanga, pakatha milungu iwiri apeza wina. Khala chete." Sanali munthu woipa, nawonso ankaopa. Ndipo kunena zoona, mawu awowo anandikomera, chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva.

Lamulungu lachitatu la Juni

Tikuchokera kutchalitchi, kumene mpando wa Mayi Zulu unali wopanda munthu kachitatu, mayi anu anaimika galimoto pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Anandiuza kuti Megan wasiya sukulu, ndipo mayi ake anapita kwa Mayi Zulu kukalira pakhomo, koma sanawatsegulire. Kenako anandiyang'ana.

"Bambo a Chisomo, milungu itatu simukudya. Foni ikalira mukudzidzimuka. Ine ndine namwino, ndikudziwa munthu wodwala ndi munthu wobisa kanthu. Ndi inu?"

Ndinati inde. Ndinayembekezera kuti akalipa, koma anangogwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Mwana wa eni ake akusenza mlandu wanu. Tikupita pompano, kapena nditsike ndikanene ndekha?"

"Nanga akabwera kwathu? Nanga Mayamiko?"

"Mayi Zulu nawonso ali ndi mwana. Mayi ake a Megan nawonso ali ndi mwana."

Ulendo wa ku Ellenbrook sunanditalikirepo chotero. Tinagogoda, katani inasuntha pang'ono, kenako maloko awiri anatsegulidwa. M'nyumba munali mdima masana. Anandipatsa mpando, koma ndinakhala pansi, pakapeti, chipewa chili m'manja. Ndinanena zonse, kuyambira nsalu yofiira imene inasowa mpaka mawu amene ndinalemba pansi pa chithunzi. Tisa anali ataima pakhomo la kukhitchini, atawonda, atavala juzi yaikulu.

Mayi Zulu sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "A Mbewe, imwe munadya pa nyumba pano. Milungu itatu mwana wanga sagona, ine nayenda kuyang'ana kumbuyo, ndipo imwe muli zii? Kulakwa tonse timalakwa. Koma kukhala chete kuja, a Mbewe, kuja sikunali kulakwitsa."

Tisa ndiye anafunsa, ndipo funso lake silinali la keyala.

"Ankolo, chitenje chija. Munaika chabe chifukwa nsalu inasila?"

Ndikanatha kunama, ndipo bodzalo likanamusiyira kanthu kogwira. Koma ndinali nditabwera kudzanena zoona. Ndinati inde, nsalu inasowa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulowa kuchipinda. Ndinamumva akuimba foni, akutchula dzina la Megan, akulira. Foniyo sinayankhidwe.

Mawa lake ndinalemba pa tsamba la shopu, ndi dzina langa, kuti chithunzi ndinaika ndine, keyala ndinapereka ndine mosadziwa, chitenje ndinasoka ndine, ndipo Megan alibe mlandu. Ndinawauza Mayi Rosa ndisanadine. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati mmene anayang'anira msoko wanga tsiku loyamba lija, n'kungoti, "Dina."

Anthu aja anabweradi. Foni ya shopu inalira mpaka tinaizula. Ena ankanditcha wowononga, ena wogulitsa mtundu wake, ine wa ku Dedza. Tsiku lina m'mawa tinapeza chithunzi cha chitseko cha shopu chili pa intaneti, ndipo kwa masabata awiri ndinkalowera kukhomo la kuseri, kumene amataya zinyalala a lesitilanti yoyandikana nafe. Iwe Mayamiko ukukumbuka kuti ndinkakutenga kusukulu tsiku lililonse, ukumadandaula kuti ndikukuchititsa manyazi. Chifukwa chake chinali chimenechi. Kenako, monga ananenera Mayi Rosa, opanga katuni ina anasintha tsitsi la munthu wina, ndipo khamu lonse linathamangira kumeneko. Anatisiya ngati mmene ana amasiyira chidole.

Koma zothyoka zinakhala zothyoka. Mayi Rosa sanandichotse ntchito, anangoleka kulandira za kosipule, ndipo teni koloko ikakwana pathebulo pankakhala kapu imodzi. Megan sanabwererenso kwa Tisa. Mayi Zulu anasamuka mwezi wa Ogasiti, n'kusinthanso tchalitchi, osauza munthu kumene akupita. Asanasamuke, Tisa anabweretsa mkanjo uja kushopu n'kuuika pathebulo. "Chotsani," anatero. Ndinakhala tsiku lonse ndikumasula msoko wanga womwe, ndikudzitukwana chifukwa chousoka waung'ono chotero. Madzulo anatenga mkanjo wopanda kanthu m'kati, chitenje anachisiya.

Chaka chino, nditapuma

Ndinapuma ntchito chaka chatha maso atayamba kukana ulusi wakuda. Makina ali m'galaja, ndimangosokera anthu odziwana nawo. Mwezi wa Ogasiti, Lachiwiri masana, ndinamva galimoto ikuima panja. Mpaka lero galimoto yachilendo ikaima pakhomo sinditsegula msanga, choncho ndinasuzumira kaye pazenera. Anali Tisa, atanenepako, atagwira dzanja kamtsikana kake ka zaka zitatu. Anati kusukulu ya mkaka kuli tsiku lovala ngati anthu a m'mabuku, ndipo mwanayo akufuna mkanjo.

"Kulibe wina amene asoka monga imwe, ankolo," anatero. Sanamwetulire. Anatambasula dzanja. "Foni yanu."

Ndinamupatsa. Anaiika m'chikwama chake n'kutseka zipi. Ndinatsegula buku la miyezo, n'kugwada movutikira kutsogolo kwa mwanayo, ndipo pakamwa panga panayamba pokha monga panazolowerera zaka makumi anayi.

"Dzina lako ndani, mama? Mumakhala kuti?"

Kamwanako kanatsegula pakamwa, koma Tisa anakagwira paphewa.

"Yezani chabe, ankolo."

Ndinayeza. Ndinasoka kamkanjo kobiriwira, m'kati mwake nsalu wamba yogula kusitolo. Za chitenje chija sanafunse, nanenso sindinanene kuti chikadali pansi pa thumba. Anabwera kudzatenga Lachisanu, mwana atamusiya kunyumba, n'kuthokoza mwaulemu wonse.

Mukadzatsegula buku langa la miyezo ine kulibe, mudzapeza anthu mazanamazana, aliyense ndi dzina lake, kholo lake ndi kwawo. Chakumapeto kuli tsamba limodzi la manambala okhaokha: phewa, chifuwa, utali. Musadzayese kuti ndinaiwala kulemba. Ndi la mdzukulu wa Mayi Zulu, ndipo mpaka lero dzina lake sindilidziwa.